Mwana Amene Tinamukoka Mkono

Alangizi a zaulimi anafika pa njinga Lachitatu m'mawa, ife tikutonola chimanga cha kalabu pabwalo la sukulu. Inali nyengo ya mphepo ndi fumbi, titamaliza kukolola, m'zaka zija za Federeshoni. Kalabu yathu inali ya alimi achinyamata a kuno ku Bundabunda, anyamata ndi atsikana, ena a pasukulu, ena osiya. Tinali ndi munda wathu kumunsi kwa tchalitchi, kufupi ndi dambo, ndipo alangiziwo ankabwera kawiri pa mwezi kudzationetsa kubzala m'mizere ndi kuwoletsa manyowa.

Tsiku limenelo sanatsike n'komwe bwinobwino. Mwendo wina uli pansi, wina pa pedulo, anatiuza kuti ku boma aganiza zopereka ng'ombe yaikazi ya mkaka kwa kalabu iliyonse imene yalima mvula zisanu ndi imodzi osadumphitsa.

Chimanga chinamwazika. Mnyamata wina anathamanga kuzungulira sukulu kawiri popanda womuthamangitsa. Atsikana anayamba kukangana za amene adzayambe kukama, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo bere la ng'ombe. Wapampando wathu, mnyamata wamtali amene ankayenda ndi pensulo pakhutu ngakhale analibe cholemba, anali atayamba kale kuyeza malo a khola ndi mapazi.

"Dikirani," anatero alangizi. "Afuna mbiri yolembedwa. Munayamba chaka chanji, munalima chiyani, chaka ni chaka. Ine n'nabwera kuno zaka zitatu zapitazo, zakale sinizidziwa. Amene analipo nisanabwere anapita nazo m'mutu."

Anatulutsa m'chikwama buku lachikuto cholimba, lakuda, lofiira kumsana, n'kufunsa amene ali ndi dzanja labwino. Onse anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nditamaliza Sitandade 4. Banja lathu linali litasamukira kuno kuchokera kum'mawa zaka zitatu zokha m'mbuyomo, ndipo ndinkalankhula motsitsa moti anzanga ankachita kuwerama kuti amve. Anandisankha chifukwa cha malembedwe, komanso chifukwa ankadziwa kuti sindikana. Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri.

"Ulembe chimene uli nacho umboni, mwanawe," anatero alangizi. "Akapeza bodza, ng'ombe palibe, ndipo dzina langa liipa pamodzi ni lanu. Nibwera pakapita masabata awiri."

Bukulo ndinalikulunga mu duku la amayi. Panjira ndinalimasula katatu kuti ndilinunkhize.

Kalabu inali ndi kope lakale, la mlembi woyamba. Mlembiyo anali atapita ku migodi, koma katundu wake anasiya kwa amalume ake. Tinapita kumeneko ine ndi wapampando, n'kuwapeza akusema mpini pansi pa nkhokwe.

"Kope?" anatero. "Lija la mizere yabuluu?"

"Lomwelo, amalume," anayankha wapampando.

"Linali kope labwino kwambiri. Pepala lake silinali kuwawa pakhosi."

Wapampando anachotsa pensulo pakhutu. "Munatani nalo, amalume?"

"N'napichira fodya. Linanisunga mvula ziwiri."

"Simunawerengeko musanasute?"

"Nikanadziwa kuwerenga, mwana wanga, nikanasutiranji?"

Analowa m'nyumba n'kutibweretsera chikuto chokha, chija cha matebulo ochulukitsa kumbuyo. Tinathokoza mwaulemu. Titangokhota kuseri kwa nthochi, wapampando anakhala pansi m'njira kuseka, ine ndinatseka pakamwa ndi duku mpaka misozi. Kenako ndinakumbukira kuti buku lakuda lija lilibe ndi liwu limodzi lomwe, ndipo kuseka kunandithera.

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Oyambitsa kalabu ambiri anali atakwatiwa kutali kapena kupita ku Lusaka kukafuna ntchito. Otsala ankakumbukira zinthu, osati manambala. Zaka zitatu zomaliza ndinaziona ndekha, ndinalemba mosavuta. Kumbuyo kwake kunali chaka chimene nkhumba za akatekisiti zinalowa m'munda n'kumaliza maungu. Kumbuyo kwa chimenecho kunali chaka cha nsawa zimene nkhanga zinafukula. Zisanu. Pamenepo anthu anagawikana. Ena ankati migula, ija mizere ikuluikulu yotchinga madzi imene kalabu inayamba nayo, inakumbidwa chaka chomwecho cha nsawa. Ena ankati ayi, migula inayamba, panabzalidwa chimanga, nsawa zinabwera mvula yotsatira. Aliyense ankalumbira, ndipo ine ndinkavomera aliyense, chifukwa onse anali akulu kwa ine.

"Lemba sikisi," anatero wapampando.

"Nanga akafunsa?"

"Afunsa ndani? Kope lili m'chifuwa mwa amalume."

Ndinkafuna kuti anzanga andikonde, ndinkafunanso kuti alangizi asadzandiyang'ane ngati mwana wabodza. Ndiye pa tsamba loyamba ndinalemba kuti "Kalabu yathu inayamba m'chaka cha", n'kusiya malo. Malo amenewo ndinkawaona ngakhale buku lili lotseka.

Anandithandiza ndi azakhali anga, amene anakwatiwa kuno kale ife tisanabwere. Tinkasinja tonse, ine ndikudandaula.

"Tsiku la mgula woyamba? Nilikumbuka," anatero. "Amai aja a tsidya la dambo anabweretsa munkoyo kuti okumba amwe, iwo ali otopa kale ni pakati. Chipanda chawo chinagona kumunda komweko. Madzulo ake mwana analira." Munsi unaima m'mwamba. Anandiyang'ana, n'kukumbukira kuti akulankhula ndi ndani. "Basi. Izi si nkhani zako. Sinja."

Masiku amenewo mtsikana wosakwatiwa sankafunsa za uchembere. Mnyamata ndiye kaya. Zinali za amayi okhaokha, ndipo ukangoyandikira ankakutuma madzi ngakhale mtsuko uli wodzaza. Koma chimene ndinamva chinandikwanira. Panali mwana wobadwa tsiku limodzi ndi kalabu yathu. Ndipo tonse tinkadziwa mmene aphunzitsi ankalembera ana oyamba sukulu, popeza mapepala obadwira kunalibe: mwana ankadutsitsa mkono wamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lamanzere. Akaligwira, zaka zisanu ndi chimodzi zakwana. Akalephera, abwerere akakule.

Nditauza anzanga, anandinyamula m'mwamba. Masana omwewo kalabu yonse inawoloka dambo pamzere.

Tinapeza mayiwo akupeta, khanda lili kumsana. Pakhomo panakhala kamtsikana konenepa, kamasaya, kakudya mbatata. Palibe anayerekeza kutchula za tsiku lija. Wapampando anawomba m'manja mwaulemu.

"Amai, tabwera kudzabwereka mwana."

"Uti?"

"Wamkuluyu."

Anatiyang'ana tonse, mmodzimmodzi. "Mum'bweze ali wokhuta," anatero, n'kupitiriza kupeta.

Tinakaimika pansi pa mtengo wa mango wa kusukulu. Ndinakweza mkono wake ndekha, n'kuupinda pamutu. Zala zake zinathera pamwamba pa khutu. Panatsala mpata wa zala zanga zitatu.

Mbatata inapitiriza kutafunidwa.

"Tili ni masiku khumi," anatero wapampando. "Mkono ni nyama. Umatambasuka."

Sindidziwa kuti nzeru zathu zinapita kuti masiku amenewo. Ife amene tinkadziwa kuyeza mpata wa mapando ndi chingwe, tinayamba kulima mwana. M'mawa uliwonse awiri ankakam'tenga. Tinkam'lendewetsa panthambi ya mango, wina atagwira m'chiuno, tonse tikuwerenga mpaka khumi. Tinkam'dyetsa nsawa zokazinga kuti mafupa akule. Mtsikana wina anati tsitsi likudya malo, ndiye tinapempha mayi ake, iwo n'kuti metani, nsabwe zichepe. Titameta tinapindula chala chimodzi, ndipo tinavina mpaka aphunzitsi anatuluka m'kalasi ndi ndodo. Mnyamata wina anati bwanji tisiye mkono tikoke khutu, lizipita kukakumana nawo. Zimenezo tinazikana povota.

Kamtsikanako sikanachedwe kuzindikira kuti ndi kofunika.

"Kweza mkono, mama," ankapempha wapampando atagwada.

"Nipase nzimbe."

"Wadya kale ziwiri."

"Ndiye sinikweza. Iwe wamtali, nibereke."

Ndipo wapampando wa kalabu ya alimi achinyamata ankabereka mwana kuzungulira bwalo, pensulo ili pakhutu, kamtsikana kakumumenya ndi khoko la nzimbe kuti afulumire. Amayi opita kuchitsime ankaima kuonerera. Wina anafunsa ngati ng'ombe ija yafika kale, popeza akuona ina ikukokedwa. Ine ndinkayeza mpata tsiku lililonse ndi kaudzu, n'kulemba mosamala m'buku, chifukwa ndinkaona kuti imeneyonso ndi mbiri.

Tsiku lakhumi panali patatsalabe zala ziwiri. Alangizi ankabwera m'mawa mwake.

Wapampando anandiitanira pambali. Sankasekanso. Anati mawa mwanayo apendeketse mutu, ine ndiime kumbuyo kwake ndikankhire khutu m'mwamba ndi chala, aliyense aziimba kuti alangizi asayang'anitsitse.

"Koma lero ulembe sikisi. Tamanga kale khola, iwe. Ufuna tisungemo nkhuku?"

Anzanga onse anali kundiyang'ana. Ndinatsegula buku, ndinaviika cholembera mu inki, ndinachigwira pamwamba pa malo aja mpaka inki inauma. Ndinati ndikalembera kunyumba, pali tebulo. Kunyumba kwathu kunalibe tebulo, ndipo onse ankadziwa.

Sindinapite kunyumba. Ndinawoloka dambo ndekha, buku lili kukhwapa. Ndinkaganiza kuti mwina mayi aja akumbukira mvula zimene zadutsa, koma nanga ndifunsa bwanji? Njira yonse ndinkayeseza mawu, onse ankandiwotcha m'kamwa. Pafupi ndi nyumba ndinaganiza kuti kuwerenga si kufunsa. Munthu akamawerenga, amalankhula ndi pepala.

Ndinagwada chapatali. "Amai, nalembako za munkoyo wanu m'buku la kalabu. Nifuna nikuwerengereni, mumve ngati nalakwitsa."

"Munkoyo wanga uli m'buku?" Anayala mphasa, anakhala bwino, anakonza chitenje. "Werenga."

Ndinawerenga maso ali patsamba. "Tsiku limene anakumba mgula woyamba, mayi a tsidya la dambo anapatsa okumba munkoyo wokoma. Madzulo ake pakhomo pawo panafika mlendo, ndiye kamtsikana kamene kalabu yakhala ikuyeza."

"Bwereza pothera."

Ndinabwereza. Mayiwo anayamba kugwedezeka mapewa ndi kuseka, kenako anagona chammbali pamphasa, khanda likudabwa kumsana.

"Aka?" analoza kamtsikana kometedwa kaja, kamene kankanyambita zala. "Aka kanabwera chaka cha nkhumba za akatekisiti. Sikanakwanitse n'zinayi zomwe, kangokula thupi ngati atate ake. Wa tsiku la mgula ni mwamuna. Ali kwa ambuye ake tsidya la Chongwe. Anam'tenga atangosiya kuyamwa."

"Nanga, amai," ndinatero, "simunatiuze bwanji?"

"Munanifunsa? Munati mubwereke mwana. Ine n'naona ngati ni maphunziro a kalabu. Ndiponso mwana anali kubwera wokhuta."

Ndinathokoza, ndinayenda mwaulemu mpaka kuseri kwa nkhokwe yawo, kenako ndinathamanga. Ndinadula dambo mosatsata njira, minga ikukoka diresi, ndikukuwa kuti takoka mwana wolakwika. Anzanga anali akadali kukhola, akumanga chitseko. Anati poyamba sanadziwe kuti akukuwa ndani, chifukwa mawu anga okweza anali asanawamvepo.

Panalibe amene anapsa mtima. Anyamata anagwa m'fumbi. Wapampando anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, n'kunena kuti msana wake sudzakhululuka. Kenako tinakumbukira kuti mnyamatayonso sitinamuyeze, ndipo akhoza kukhala wa zaka zisanu.

M'mamawa wapampando anabwereka njinga ya akatekisiti, anatenga mawu a mayi aja opita kwa ambuye a mwanayo, n'kunyamuka. Mtsinje wa Chongwe nyengo imeneyo unkawolokeka ndi miyendo. Tinawerengera kuti abwera dzuwa lisanatenthe.

Alangizi ndiwo anayamba kufika.

Anakhala pa benchi pansi pa mango, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse buku. Kumsewu kunalibe fumbi lililonse. Anzanga anandikankha ndi zigongono.

"Nikuwerengereni, alangizi," ndinatero. "Inki ina inafalikira."

Sindinawerengepo pamaso pa anthu chiyambire kusiya sukulu. Ndinayamba ndi chaka chomaliza n'kumabwerera m'mbuyo, kuti malo opanda kanthu aja afike mochedwa. Ndinawerenga pang'onopang'ono ngati m'tchalitchi. Ndinawerenga za manyowa, za mbozi, za tsiku limene feteleza anafika koyamba mnyamata wina n'kumulawa poyesa mchere. Ndinawerenga za nkhumba, ndinatchula ndi mtundu wa nkhumba iliyonse. Za nkhanga ndinawerenga kawiri, ndikunamizira kuti ndasokera mzere. Zitatha, kumsewu kuli zii, ndinalibenso china koma masamba a kuyeza mwana. Ndinawerenga amenewonso: nthambi ya mango, lezala, voti ya khutu, zala zitatu, zala ziwiri.

Alangizi anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Benchi inkagwedezeka.

"Ndiye munayamba chaka chanji?" anafunsa atapuma.

Ndinawaonetsa malo aja. Anasiya kuseka.

"Sunalembe."

"Umboni uli m'njira, alangizi."

Anayang'ana dzuwa. Anati ali ndi kalabu ina yoti aione tsiku lomwelo, ndipo mabuku onse ayenera kupita ku boma mawa. Anaimirira, anamangirira buluku ndi kachingwe kuti lisakodwe mu tcheni. Atsikana awiri anathamanga kukawatengera madzi akumwa amene sanapemphe. Mnyamata wina anawauza kuti tayala lakumbuyo likuoneka lofewa, n'kuyamba kulipopa mosafulumira.

Belu la njinga linamveka kumunsi kwa tchalitchi.

Wapampando anafika atanyowa mpaka m'chiuno, ali mbuu ndi fumbi pamwamba pake. Pakaliyala panali kamnyamata kowonda, kogwira malaya ake ndi manja onse awiri. Kataona anthu ambiri ndi bambo wa yunifolomu ya kaki, kanaganiza kuti ndi jakisoni. Kanapanikiza mikono m'khwapa n'kuyamba kulira. Tinanyengerera, tinalonjeza, sizinathandize. Mayi ake anali atafika ndi azakhali anga, nawonso analephera.

Kamtsikana kometedwa kaja kanadutsa pakati pa miyendo yathu n'kukaima patsogolo pa mlongo wake.

"Chita chonchi," kanatero, mkono uli pamutu. "Akupasa nzimbe. Wamtaliyu amabereka."

Mnyamatayo anameza misozi. Anayang'ana nzimbe imene wina anatulutsa msanga. Anakweza mkono, anaudutsitsa pamutu, n'kugwira khutu lonse, mpaka kunsonga yake. Mutu unali chilili. Kumbuyo kwake kunalibe munthu. Atatsegula pakamwa kuti alume nzimbe, tinaona kuti mano awiri akutsogolo, apansi, anali atagweruka kale.

Aphunzitsi anaitanidwa m'kalasi kudzaona ndi maso awo. Anam'bwerezetsa kawiri, n'kunena kuti chaka chamawa abwere ndi sileti. Alangizi anatembenukira kwa mayi aja.

"Amai, ndiye uyu wa tsiku la mgula?"

"Ndiye. Afunseni awa, analipo."

Azakhali anavomera ndi mutu, atayang'ana kumbali kuti ana tisaone.

Phokoso limene linatsatira sindingalilembe. Ndikukumbukira kuti wina anaimba belu la sukulu nthawi isanakwane ndipo ana onse anatuluka. Alangizi anawerenga zala chobwerera m'mbuyo kuyambira chaka chimene tinalimo, n'kunditchulira nambala. Ndinawapempha abwereze. Ndinakhala pansi, buku pamaondo, n'kudzaza malo aja. Nambala yomaliza inapendekera, koma imawerengeka.

Wapampando anapempha kuti masamba a kukoka mkono ang'ambidwe buku lisanapite ku boma. Alangizi anakana. Anati pa mabuku onse amene atenge, limeneli ndi lokhalo limene likunena mmene anthu anadziwira chimene akunena. Anasaina pansi, analikulunga m'nyuzipepala, n'kulimanga pakaliyala.

Buku linabwerako patatha mwezi, lili ndi chidindo chofiirira patsamba loyamba. Ng'ombe inafika mvula yoyamba itagwa. Anyamata anayi anakaitenga cha ku Palabana, n'kuyenda nayo wapansi masiku awiri. Tinakaichingamira kumsewu ndi nyimbo, ena atanyamula kale zipanda za mkaka. Inali yaing'ono, yamawanga akuda ndi oyera, nyanga zikungotuluka kumene. Alangizi anatiuza kuti mkaka tidikire chaka china ndi theka, ikadzabereka. Zipanda zinabisidwa kumbuyo mwakachetechete.

Pakhomo pa khola inakana kulowa. Tinakoka, tinakankha, tinaiimbira. Ine ndinali nditaima pambali ndi buku, kudikira kuti ndilembe kuti yalowa. Inabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi n'kundiponda chala chachikulu cha phazi lamanzere, ndipo inakhala pomwepo osasuntha, ikudya udzu wa padenga la khola. Sindinakuwe, poopa kuidzidzimutsa. Ndinatsegula tsamba latsopano, ndinafunsa alangizi tsiku ndi mwezi, n'kulemba ndili chiimire.